Kudya kwa eni: malangizo kwa amene akuyenda ku Spain

Tsiku langa lachiwiri ku Spain ndinafika m'katauni kena ka m'chigawo cha Segovia dzuwa lili paliwombo, njala itandigwira. Ndinaona nyumba ya miyala yolembedwa kuti mesón pamwamba pa khomo, chitseko chili chotsegula, fungo la adyo ndi utsi wa nkhuni likutulukira mumsewu. Nditalowa ndinapeza matebulo onse atayalidwa nsalu koma popanda mlendo ndi mmodzi yemwe. Kumapeto kwa chipinda, pafupi ndi khomo la kukhitchini, kunali tebulo limodzi lokha lokhalapo anthu: agogo aamuna, mayi wovala epuloni, anyamata awiri ndi mtsikana, onse akudya mphodza m'mbale zakuya, buledi ali pakati. Anali eni nyumba, akudya okha asanayambe kulandira alendo. Mayi uja anaimirira, n'kupukuta manja pa epuloni, n'kundilozera wotchi yapakhoma. Anandiuza kuti ndibwerenso 1:30, ndipo anandilemba m'kabuku kuti tebulo langa lisapite kwa wina.

Ndinabwerera, ndipo chakudya cha tsiku limenelo ndimachikumbukirabe kuposa nyumba zonse zakale zomwe ndinajambula paulendowo. Ndikulemba izi chifukwa ndimamva chisoni ndi anthu amene amavutika ndi ziphaso, n'kulipira ndege, n'kukafika ku Spain, kenako n'kumadya mabanzi a nyama m'masitolo omwewo omwe ali ku Johannesburg ndi ku London. Malo odyera a banja ndi pakhomo pa anthu. Amadyetsa pa nthawi yawo, ndipo amadyetsa zomwe aphika tsikulo. Mukavomereza ziwirizi, zotsalazo n'zosavuta.

Choyamba: sinthani nthawi yodyera

Anthu a ku Spain amadya nkhomaliro pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko masana, ndipo mgonero umayamba cha m'ma 9 koloko usiku. Khitchini zambiri za mabanja zimatsegula 1 koloko kapena 1:30, n'kutseka cha m'ma 4, n'kudzatsegulanso 8 koloko kapena 8:30. Pakati pamenepa mungapeze khofi, mowa ndi tizakudya tapakauntala, koma moto wa mphika umakhala utazimitsidwa. China mwa zifukwa zake ndi wotchi yeniyeniyo. M'chaka cha 1940 boma la Franco, yemwe ankalamulira Spain panthawiyo, linakankhira nthawi ya dziko patsogolo ndi ola limodzi kuti ifanane ndi ya pakati pa Ulaya, ndipo silinabwezenso. Choncho dzuwa la ku Spain limatsalira m'mbuyo mwa wotchi, moti mu June ku Madrid kumakhala kukuwalabe 9:30 usiku. Kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October wotchi ya ku Madrid imafanana ndi ya ku Lilongwe, ndiye simudzasintha kalikonse pamkono. Chofunika kusintha ndi m'mimba.

Chitani zomwe eni dziko amachita. Idyani kadzutsa wopepuka, kenako cha m'ma 11 koloko mulowe m'bala iliyonse mudye chidutswa cha tortilla, yomwe ndi mazira okazingira pamodzi ndi mbatatesi, ndi khofi. Zimenezo zikufikitsani 2 koloko mulibe chizungulire. Ndipo chakudya chachikulu cha tsiku muchiike masana. Ndi masana pamene miphika yabwino imaphulidwa, ndi masana pamene mtengo umakhala wotsika.

Chachiwiri: pezani nyumba yoyenera

Mawu olembedwa pakhomo amathandiza. Casa de comidas ndi nyumba ya chakudya cha masiku onse, chophika ngati cha kunyumba. Mesón ndi nyumba yachikale, kawirikawiri ya mitanda yamatabwa kudenga. Asador ndi malo owotcha nyama mu uvuni wa nkhuni kapena pamakala. Venta imakhala m'mbali mwa msewu waukulu, makamaka kummwera. Dzina loyamba ndi Casa, lotsatiridwa ndi dzina la munthu, nthawi zambiri limasonyeza kuti pali banja lomwe linayambitsa malowo.

Koma dzina palokha silikwanira. Chokani pabwalo lalikulu la mzinda muyende misewu itatu kapena inayi. Pewani malo amene pakhomo paima munthu wokodola alendo, amene aika zithunzi zowala za paella, mpunga wophika pa chiwaya ndi nyama kapena zam'nyanja, ndi mndandanda wa zakudya m'zinenero zisanu. Funani pamene pali kabolodi kolembedwa ndi choko kapena pepala lomatidwa pagalasi, pali zakudya zochepa, m'Chisipanishi chokha. Suzumirani mkati cha m'ma 2:15. Mukaona amisiri ovala zantchito, anthu a m'maofesi ndi nkhalamba zodya zokhazokha, lowani. M'misewu ya kunja kwa mizinda chizindikiro chake ndi chomwe timachidziwa kale kwathu: pamene paima mathiraki ambiri ndi pamene pali chakudya chokhutitsa pa mtengo wabwino. Mukamafunsa munthu wa pamalo ogona, musamufunse malo otchuka. Mufunseni komwe iye amadya ndi makolo ake Lamlungu.

Alipo malo a mabanja omwe atchuka dziko lonse. Botín ya ku Madrid imawerengera chiyambi chake ku 1725 ndipo imadziwika kuti ndi malo odyera akale kwambiri padziko omwe akugwirabe ntchito. La Bola, yomwe inatsegulidwa mu 1870 mumzinda womwewo, imaphikabe cocido, chakudya cha tchana, masamba ndi nyama, m'timiphika tadothi, kamodzi pa munthu aliyense, pamoto wa makala. Mesón de Cándido ili m'munsi mwenimweni mwa ngalande ya miyala ya Aroma ku Segovia. Onsewa ndi abwino kuwaona ngati thumba likulola, koma alendo ndi ambiri ndipo mtengo ndi wokwera. Ine mtima wanga uli pa tinyumba ta matebulo khumi tomwe dzina lake silidziwika kunja kwa dera.

Chachitatu: sungitsani tebulo, ndipo onetsetsani kuti atsegula

Banja nalo limapuma. Malo ambiri amatseka Lamlungu usiku ndi Lolemba lonse, ndipo mu August mabanja ambiri a m'mizinda ya kumtunda amakhoma chitseko kwa masabata angapo n'kumata pepala lakuti cerrado por vacaciones, kutanthauza kuti atseka, apita kutchuthi. Mapu a pafoni sadziwa zimenezi nthawi zonse. Pakati pa sabata mutha kungofika, bola mufike akangotsegula. Loweruka ndi Lamlungu masana ndi nthawi ya mabanja athunthu, agogo mpaka zidzukulu, ndipo popanda kusungitsa mudzabwerera pakhomo. Imbani foni kapena dutsani m'mawa munene kuti una mesa para dos, a las dos, kutanthauza tebulo la anthu awiri, 2 koloko. Ngati mukufuna nyama yowotcha mu uvuni kapena mpunga wa paella, nenani pomwepo, chifukwa zimenezi amaphika malinga ndi chiwerengero cha anthu omwe anena.

Chachinayi: polowa

Perekani moni. Buenos días amagwira ntchito mpaka mutadya nkhomaliro, ndipo buenas tardes amayamba pambuyo pake. Kawirikawiri chipinda choyamba ndi bala, chaphokoso, anthu ataimirira. Chipinda chodyera, chomwe amati comedor, chimakhala kuseri kapena pamwamba. Musadzikhazike nokha patebulo loyalidwa nsalu, dikirani akulozereni. Podutsa pafupi ndi anthu amene akudya mutha kunena kuti que aproveche, kuwafunira kudya bwino, ndipo m'matauni aang'ono nanunso mudzauzidwa chimodzimodzi ndi anthu osawadziwa. Yankho lake ndi gracias.

Palibe amene adzabwere ndi beseni ndi jagi. Kasambeni m'manja nokha kuchipinda cholembedwa aseos kapena servicios. Poitana woperekera chakudya musaimbe mluzu, musachite psii, musawombe m'manja. Kwezani dzanja pang'ono n'kunena kuti perdone. Kumbukirani kuti amene akukuperekerani mwina ndi mwana wa mwini nyumba kapena mwini nyumba weniweniyo. Musadabwe akamalankhula mwachidule ndi mokweza, osamwetulira kwambiri. Si mwano. Munthu mmodzi akusamalira matebulo khumi ndi awiri, ndipo chikondi chake mudzachiona m'mbale.

Chachisanu: pemphani menú, osati carta

Apa ndi pamene alendo ambiri amataya ndalama. Ku Spain mndandanda wa zakudya zonse, chilichonse ndi mtengo wake, umatchedwa carta. Mawu akuti menú amatanthauza chakudya cha tsikulo cha mtengo umodzi, menú del día. Ndiye mukangokhala funsani kuti ¿hay menú? Mwambowu unakhazikika pakati pa zaka za m'ma 1960, pamene Manuel Fraga anali nduna ya zofalitsa nkhani ndi zokopa alendo, ndipo boma linalamula malo odyera kuti azipereka chakudya chathunthu cha mtengo wodziwika kwa alendo odzaona dziko. Anthu antchito a ku Spain komweko ndi amene anadzachitenga kukhala chawo. Masiku ano chimapezeka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu masana, ndipo m'malo ambiri mtengo wake umakhala pakati pa mayuro 12 ndi 18. Kumapeto kwa sabata chimakwera mtengo kapena osapezeka n'komwe.

Pa ndalama imeneyo mumalandira mbale yoyamba, primero, mbale yachiwiri, segundo, buledi, chakumwa, ndi chotsekemera kapena khofi. Pa mbale iliyonse mumasankha chimodzi mwa zitatu kapena zinayi. Yoyamba imakhala ya supuni kapena yamasamba: mphodza, nyemba, supu, saladi, zitheba, mpunga, nthawi yotentha supu yozizira ya matimati yotchedwa gazpacho. Yachiwiri ndi nyama, nsomba kapena mazira, kawirikawiri ndi mbatatesi zokazinga. Mudzafunsidwa zonse ziwiri nthawi imodzi pamodzi ndi chakumwa, ndipo za chotsekemera adzakufunsani mukamaliza.

M'nyumba zambiri za mabanja mulibe pepala loti muwerenge. Woperekera amaima pambali panu n'kutchula zonse pamtima, mothamanga. Tsiku lija ku Segovia mtsikana uja anatchula mbale zisanu ndi zitatu mpweya umodzi, ndipo ndinagwirapo mawu awiri okha. Ndinamupempha kuti abwereze pang'onopang'ono, más despacio, por favor, kenako ndinafunsa funso lomwe ndimafunsa kulikonse tsopano: ¿qué me recomienda?, mungandisankhire chiyani? Sanayankhe yekha. Anatembenukira kukhitchini n'kufunsa mayi ake, ndipo mawu anabwera kuchokera mkati akuti judiones, nyemba zikuluzikulu za m'deralo. Funso limeneli n'lofunika chifukwa wophika amadziwa mphika umene wakhala pamoto kuyambira m'mawa ndi nsomba imene yafika lero. Safunsa anadya phula.

Uphungu wanga ndi wakuti pa mbale yoyamba muzisankha cha supuni, chomwe iwo amati de cuchara. Nyama yokazinga aliyense angathe kuikonza m'mphindi zisanu. Mphika wa nyemba ndi umene umaonetsa dzanja la wophika, ndipo ndi umene simungaupeze m'malo okopa alendo.

Chachisanu ndi chimodzi: nenani zomwe simudya musanaitanitse

Kwa abale athu achisilamu, a mpingo wa Seventh-day Adventist ndi ena onse osadya nkhumba, gawo ili ndiye lalikulu. Nkhumba ili paliponse m'maphikidwe a ku Spain, ngakhale pamene simukuiona. Mphodza amaphikira soseji ya chorizo. Nyemba amaikamo mafuta ankhumba ndi soseji ya magazi yotchedwa morcilla. Zitheba, nsawawa, ngakhale supu ya matimati ya ku Córdoba yotchedwa salmorejo, amawazamo tizidutswa ta jamón, mwendo wankhumba wouma ndi mchere womwe mudzauone utapachikidwa pamwamba pa kauntala. Msuzi wa supu umatha kukhala wa fupa la mwendo womwewo, ndipo makeke ena amapangidwa ndi mafuta ankhumba, manteca. Kungonena kuti simudya nyama sikukwanira, chifukwa kwa wophika wachikulire kuwaza jamón pang'ono ndi kukometsera chabe. Tchulani chimodzichimodzi: no como cerdo, ni jamón, ni chorizo, ni tocino, ni manteca, kutanthauza kuti simudya nkhumba, jamón, chorizo, nyama yamafuta yankhumba kapena mafuta ake. Lembani mawuwa pakapepala muwaonetse. Mukatero adzakulozerani nsomba, nkhuku, nkhosa, mazira kapena masamba ophika m'mafuta a azitona, ndipo m'nyumba ya banja amapita kukafunsa wophika yemwe, zomwe sizichitika m'malo aakulu.

Ngati thupi lanu limadana ndi mtedza, mkaka, tirigu kapena zamoyo za m'nyanja za zigoba, nenani kuti tengo alergia n'kutchula chinthucho. Malamulo a European Union amakakamiza malo odyera kudziwitsa makasitomala za mitundu 14 ya zakudya zoyambitsa vutoli, ndiye muli ndi ufulu wofunsa.

Palinso nkhani ya kapsedwe. Ambiri a ife tinakula tikudya nyama yopsa mpaka mkati. Ku Spain nyama ya ng'ombe imabwera ili yofiira pakati ngati simunena, ndipo tortilla ya m'nyumba zina imakhala yamadzimadzi mkati, dala. Mukafuna nyama yopsa bwino nenani kuti muy hecha, ndipo za tortilla funsani ngati ili bien cuajada. Tsabola wowawa musamuyembekezere. Chakudya chawo chimadalira adyo, mafuta a azitona, mchere ndi tsabola wofiira wopera wotchedwa pimentón, yemwe nthawi zambiri sawawa. Wozolowera kambuzi apemphe guindilla kapena algo picante, koma ayambe walawa kaye mmene wophika wakonzera.

Chachisanu ndi chiwiri: idyani za dera lomwe muli

Palibe chakudya chimodzi cha dziko lonse la Spain. Chigawo chilichonse chili ndi mphika wake, ndipo banja limaphika bwino zomwe agogo awo ankaphika.

Judiones amene anandibweretsera ku Segovia ndi nyemba zoyera zazikulu ngati chala chachikulu cha m'manja, zochokera ku La Granja, pafupi pomwepo. Sanabweretse mbale yogawiratu. Anaika mphika wadothi patebulo, chipande chili momwemo, n'kuchoka. Msuzi unali wokhuthala, wofiirira, nyemba zosaphulika koma zosungunuka pa lilime. Nditamaliza mbale yoyamba agogo aja, omwe tsopano anali atakhala pampando pafupi ndi kauntala, anandilozera mphikawo ndi chibwano kuti ndionjezere. Pamenepo ndinakumbukira kwathu, mmene mlendo amamukankhirira mbale ya ndiwo pafupi mosanena mawu.

Dera la Castilla, komwe kuli Segovia, ndi kwawo kwa uvuni wa nkhuni. Ku Segovia amawotcha cochinillo, kankhumba koyamwa ka masabata pafupifupi atatu, ndipo ku Mesón de Cándido anatchukitsa mwambo wokadula ndi m'mphepete mwa mbale pofuna kuonetsa kufewa kwake. Ku Sepúlveda, ku Pedraza ndi ku Aranda de Duero amawotcha lechazo, kamwana kankhosa kongoyamwa, m'mbale yadothi ndi madzi ndi mchere basi. Amagulitsa chigawo chimodzi mwa zinayi, cuarto, chokwanira anthu awiri, ndipo chimabwera ndi saladi ya letesi, matimati ndi anyezi. Osadya nkhumba, iyi ndi mbale yanu, bola mufunse ngati sapakapo manteca, chifukwa nyumba zina zimatero.

Ku Madrid funani cocido, makamaka nthawi yozizira. Ndi mphika umodzi wa tchana, kabichi, karoti, mbatatesi ndi nyama zosiyanasiyana, koma umaperekedwa pang'onopang'ono: poyamba msuzi wake ndi timakaroni tating'ono, kenako tchana ndi masamba, pomaliza nyama. Musakhute ndi msuzi poganiza kuti zathera pomwepo. Ku Astorga ndi midzi yozungulira, m'chigawo cha León, amayamba ndi nyama n'kumaliza ndi msuzi. Okonda zam'kati ayese callos, chifu cha ng'ombe chophika kwa maola ambiri, ngakhale kuti amaikamo chorizo. Ku Córdoba kuli rabo de toro, mchira wa ng'ombe wofewa mpaka kusiyana ndi fupa.

Paella kwawo ndi ku Valencia, m'midzi ya m'mphepete mwa dambo la Albufera monga El Palmar, komwe mpunga umalimidwa. Yachikale imakhala ya nkhuku, kalulu, zitheba zaphanthiphanthi, nyemba zazikulu zotchedwa garrofó, nthawi zina ndi nkhono. Imadyedwa masana, amaphika ya anthu osachepera awiri, mtengo wolembedwa ndi wa munthu mmodzi, ndipo mudzadikira theka la ola kapena kupitirira. Paella yofika m'mphindi khumi ndi yotenthetsa. Mpunga wouma wokakamira pansi pa chiwaya, womwe amati socarrat, ndi umene eni ake amalimbirana, monga ana amalimbiranira nkhoko. Palani ndi supuni.

Kumpoto, ku Asturias, kuli fabada, mphika wa nyemba zoyera ndi nkhumba, ndi sidra, mowa wa maapozi womwe amathira botolo lili pamwamba pa mutu, tambula ili m'chiuno. Amathira pang'ono, ndipo mumamwa nthawi yomweyo thovu lisanathe. Ku Galicia kuli pulpo, chamoyo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, chowiritsa, chodulidwa ndi sizasi pa mbale yathabwa, n'kuthira mafuta, mchere ndi pimentón. Nsima simudzaipeza, koma chimanga chilipo m'madera amenewa. Ku Asturias amakazinga tizitumbuwa ta ufa wa chimanga totchedwa tortos, ku Galicia amaphika buledi wa chimanga, ndipo ku zilumba za Canary kuli gofio, ufa wa chimanga kapena tirigu wokazinga womwe amauvundula m'msuzi wa nsomba mpaka kulimba. Amene wasowa kwawo ayese chimenecho.

Mukasankha kuitanitsa pa carta, dziwani kuti ración ndi mbale yaikulu yodyera limodzi, ndipo media ración ndi theka lake. Anthu awiri ayambe ndi mbale ziwiri kapena zitatu za pakati, para compartir, n'kuona mmene mimba ikuyankhira. Pa nsomba ndi nyama zina pamalembedwa mtengo wa kilogalamu, kapena zilembo s/m, kutanthauza kuti mtengo ukutengera msika wa tsikulo. Funsani kuti ikwana zingati isanapite pamoto.

Chachisanu ndi chitatu: patebulo

Buledi ndiye amagwira ntchito ya nsima. Amakhala pa nsalu pambali pa mbale yanu, wopanda batala, ndipo mumanyema ndi manja, kukankhira chakudya pa foloko ndi kusunsa msuzi wotsala. Mbale yobwerera kukhitchini itapukutidwa ndi buledi imasangalatsa wophika. Pa menú buledi ndi wa momwemo. Pa carta amatha kumulipiritsa padera kandalama kochepa, ndipo ngati simumufuna nenani akangomubweretsa. Nthiti za nkhosa ndi tinkhanu ta gambas amadya ndi manja, palibe amene angakuyang'aneni.

Chakumwa cha pa menú chimakhala madzi, mowa waung'ono wotchedwa caña, chakumwa choziziritsa kukhosi kapena vinyo wa nyumbayo, vino de la casa. Kawirikawiri amasiya botolo lonse patebulo pamodzi ndi gaseosa, madzi a thovu otsekemera pang'ono osakanizira vinyoyo. Mukangoti agua adzabweretsa a m'botolo. Kuyambira 2022 lamulo limati malo odyera azipereka madzi a pampopi kwaulere kwa wowapempha, ndiye nenani kuti agua del grifo. Wosamwa mowa sakakamizidwa. Fodya m'kati mwa malo odyera analetsedwa kuyambira 2011.

Pa chotsekemera funsani funso limodzi: ¿cuál es casero?, chopangidwa pano ndi chiti? Yankho lidzakhala flan ya mazira ndi mkaka, arroz con leche yomwe ndi mpunga wophika mumkaka ndi sinamoni, natillas yomwe ndi kasitadi, kapena cuajada, mkaka wankhosa woundana wothira uchi. Nyengo ya Pasaka kumakhala torrijas, buledi wonyika mumkaka ndi dzira n'kukazinga. Khofi amabwera pambuyo pa zonse, payekha. Solo ndi wakuda m'kakapu kakang'ono, cortado ndi wodonthezera mkaka, con leche ndi wa mkaka wambiri. Pa menú zambiri mumasankha chotsekemera kapena khofi, ndipo mukatenga zonse ziwiri khofiyo mumalipira padera.

Chakudya chikatsala musachite manyazi kupempha kuti akukulungireni, para llevar. Lamulo la 2025 lolimbana ndi kutaya chakudya limapatsa kasitomala ufulu wotenga zotsala zake.

Chachisanu ndi chinayi: musathamangire kunyamuka

Mbale zikachotsedwa palibe amene adzakubweretsereni bilu. Kwa iwo kutero n'chimodzimodzi kuthamangitsa mlendo. Nthawi yocheza patebulo chakudya chitatha ili ndi dzina lake, sobremesa, ndipo Lamlungu imatha kufika 5 koloko kapena kupitirira. Ngati mukuthamangira sitima, nenani poyamba pomwe. Ngati simukuthamangira kulikonse, khalani. Ndi nthawi imeneyi pamene wophika amatuluka m'khitchini n'kuyenda patebulo lililonse. Tsiku lija mayi uja anafika pa langa atanyamula botolo lopanda chizindikiro ndi katambula kakang'ono. Munali orujo wa zitsamba, kachasu wa zotsalira za mphesa, wachikasu. Anati invita la casa, kutanthauza kuti ndi mphatso ya nyumba, yosalipira. Anandifunsa komwe ndachokera, ndipo nditatchula Malawi anaitana mnyamata wake kuti amuonetse pa foni. Anayang'ana nyanja yathu pamapu kwa kanthawi n'kufunsa ngati muli nsomba zabwino. Tinakambirana za chambo ndi manja ndi mawu ochepa omwe tinali nawo. Mukapatsidwa katambula kotere koma simumwa, thokozani n'kunena kuti no bebo alcohol, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi kena kopanda mowa.

Mukakonzeka nenani kuti la cuenta, por favor, kapena pitani mukalipire pakauntala, zomwe m'nyumba zing'onozing'ono n'zozolowereka. Msonkho wa IVA, womwe pa malo odyera ndi 10 peresenti, umayenera kukhala kale m'mitengo yolembedwa. Kukhala panja, pa terraza, kumatha kukwera mtengo pang'ono, ndipo zimenezi zimalembedwa pa carta. Bilu imabwera imodzi ya tebulo lonse, ndiye ngati muli gulu sonkhanani nokha. Khadi la kubanki limalandiridwa pafupifupi paliponse, komabe kumidzi yendani ndi mayuro ena m'thumba. Mukaona cholakwika pa bilu lozani modekha, amakonza pomwepo. Ndalama yothokozera si yokakamiza. Pa menú anthu amasiya chenje kapena yuro imodzi m'kambale, ndipo pa chakudya chachikulu cha banja amasiya mayuro angapo.

Potuluka suzumirani ku khomo la kukhitchini munene kuti estaba todo muy bueno, zonse zinali zokoma, ndipo mutchule mbale imene yakusangalatsani. Tengani kakhadi ka nyumbayo pakauntala. Ngati mugona m'tauni yomweyo, funsani zomwe aphike mawa, ndipo ngati ndi za supuni, lembetsani tebulo musanatuluke.